Pulani ya ku Joni yautsa mapiri pachigwa

Ku Chintheche nkhani yomwe ili m'kamwam'kamwa masiku ano ndi ya nyumba yoti ngakhale maziko ake sanakumbidwe. Mwini wake ali ku Joni, monga alili eni ake a nyumba zambiri za malata onyezimira zomwe mumaziona m'mbali mwa msewu wa M5. Anatumiza pulani pa WhatsApp, yojambulidwa mwaudongo pakompyuta, ndipo pakati pa chipinda chogona panalembedwa 3600 x 3600. Basi. Kuti 3600 ameneyu ndi wa chiyani, pulaniyo sinanene. Mmisiri amene anapatsidwa ntchitoyo ndi bambo wa imvi zake, amene wakhala akumanga ndi tepi ya mafiti ndi mainchesi kuyambira nthawi ya Kamuzu. Akuti anaiyang'ana foniyo, n'kuitembenuza, n'kuiyang'ananso, kenako n'kufunsa mlamu wa mwini nyumba, yemwe amasunga ndalama za ntchitoyo: "Ada, alamu anuwa akufuna chipinda kapena bwalo la mpira?"

Kuchokera pamenepo nkhaniyi yamera nthambi. Pamsika akuti mkuluyo anakhomadi zikhomo, chingwe n'kukathera m'munda wa chinangwa wa eni ake ena, mpaka mlandu kukafika kwa amfumu. Anyamata a kabaza akuti ayi, chingwecho chinalowa m'nyanja. Amene analipo akuti palibe chikhomo chomwe chinakhomedwa: mkuluyo anangobweza foni, n'kunena kuti amuimbire mwini wakeyo afotokoze, n'kupita kukadya kondowole wake. Ine ndikukhulupirira omalizawa. Komatu funso la mkuluyo linali lamasamu ndithu. Mukawerenga 3600 ngati mainchesi mupeza mafiti 300, omwe ndi mamita 91 ndi kanthu. Wojambulayo ankatanthauza mamilimita, monga amachitira ojambula mapulani ku South Africa ngakhalenso kuno kwathu: mamita 3.6, chipinda cholowa bedi, kabati ya zovala, ndi malo oyika sutikesi tsiku lomwe mwini wake adzabwere.

Amene akuoneka wodziwa pa zonsezi ndi mnyamata wina wa konkuno amene amajambula mapulani ku Mzuzu, ndipo amabwera kumudzi Loweruka ndi laputopu m'chikwama. Akangotsika minibasi anthu amamuzinga. Iye akuti kompyuta musaiimbe mlandu chifukwa ilibe nzeru zoti n'kulakwa nazo. Pulogalamu yomwe ambiri amajambulira, AutoCAD, yomwe kampani ya Autodesk ya ku America inatulutsa mu 1982, imangosunga manambala. Mukajambula mzere wa 3600, iyo imadziwa kuti mzerewo uli ndi timagawo 3600. Kaya kagawo kalikonse ndi milimita, kaya inchi, kaya kilomita, zimenezo ndi zanu. Muli malo olembapo muyeso womwe mukugwiritsa ntchito, ndipo ojambula awiri akalembapo onse, pulogalamuyo imatha kusintha yokha chojambula cha wina polowa m'cha mnzake. Koma wina akasiya malowo opanda kanthu, kapena kulembapo zina pomwe wajambula zina, kompyuta sifunsa. Imangochita zomwe yauzidwa.

Umboni wake uli ku Kande, komwe nkhani yawo ndi yotembenuka. Mlendo wina wochokera ku America anaukonda mchenga wa kumeneko n'kuganiza zomangapo tinyumba togona alendo, ndipo anabwera ndi pulani ya kwawo. Chipinda cha mafiti 12 m'pulani ya Chimereka chimasungidwa ngati 144, chifukwa kompyuta imawerenga inchi imodziimodzi. Wojambula wa kuno ataulowetsa m'chojambula chake cha mamilimita, nyumba inasowa. Anasaka kumanja, anasaka kumanzere, anayamba kudandaula za vayirasi. Atakulitsa kadontho kena pakona ndi pomwe anapeza nyumba yonse ili phee, zitseko, mawindo, khonde, zonse zili m'malo mwake, koma chipinda chili mamilimita 144, chosakwana ngakhale njerwa imodzi. Mankhwala ake anali kungochulukitsa chojambula chonse ndi 25.4. Zinakonzeka tsiku lomwelo, koma anyamata ogulitsa ziboliboli kugombe mpaka lero amati mzungu uja ankafuna kumangira abuluzi loji.

Mnyamata wa laputopu uja akafika pamenepa amatenthedwa, ndipo ena amayamba kuzemba mmodzimmodzi. Akuti ngakhale Amereka okhaokha samvana. M'pulogalamuyo muli kalembedwe kotchedwa Architectural, ka ojambula nyumba, komwe khoma limalembedwa mafiti 12 ndi mainchesi 6 1/2. Mulinso kotchedwa Engineering, komwe khoma lomwelo limalembedwa mafiti 12 ndi mainchesi 6.50. Pakati pa awiriwa palibe choopsa, pakuti konsekonse kagawo kamodzi ndi inchi, ndipo kusintha kuchoka ku kena kupita ku kena kumangosintha malembedwe, khoma silitalika kapena kufupika. Vuto limabwera ndi oyeza malo ndi opanga misewu a kumeneko, omwe kagawo kawo kamodzi ndi futi yathunthu, yogawidwa pakhumi. Chojambula chawo chikakumana ndi cha wojambula nyumba, china chimaposa chinzake ka 12. Ndipo munthu akaona 12.5 n'kuwerenga mafiti 12 ndi mainchesi 5 waphonya inchi yathunthu, popeza theka la futi ndi mainchesi 6. Inchi imodzi pakhoma lalitali palibe angaione. Pa felemu ya windo yowotcherera kale, mudzaiona ndi hamala m'manja.

Wina anamufunsa kuti nanga za Amerekazo zikutikhudza bwanji ife a mamita. Anaseka. Akuti zathu n'zoposa. Woyeza malo kuno amajambula puloti m'mamita, wojambula nyumba amajambula m'mamilimita. Mukaika nyumba pa puloti osakumbukira kugawa ndi 1000, nyumba ya mamita 15 imasanduka ya makilomita 15: khomo lakumaso ku Chintheche, lakuseri kupitirira Bandawe. Apa anthu anaseka zenizeni, ndipo mayi wina wogulitsa mandasi anati nyumba yoteroyo ndiye yabwino, apongozi azikhala mbali ya ku Bandaweko.

Pabawo pali mphunzitsi wina wopuma ntchito amene salola nkhani kudutsa osaipatsa chaka. Iye akuti mafiti musawanyoze, anabwera ndi amishoni. Robert Laws ndi anzake a ku Scotland atasamuka ku Cape Maclear n'kudzakhazikika ku Bandawe mu 1881, ukalipentala ndi kumanga komwe anaphunzitsa anthu a m'mbali mwa nyanja ino kunali kwa mafiti ndi mainchesi, ndipo amisiri anapatsirana zimenezo mibadwomibadwo. Boma linasintha ndalama mu 1971, paundi n'kulowedwa m'malo ndi kwacha, koma agogo athu anapitiriza kwa zaka zambiri kuwerenga makwacha awiri ngati paundi imodzi. Zikwangwani za m'misewu zinasiya mamailosi n'kuyamba makilomita, ana asukulu anayamba kuloweza masentimita. Dzanja la mmisiri lokha ndi lomwe palibe anakalipeza kuti alisinthe.

Mphunzitsiyu ali ndi mfundo ina yomwe amaikonda kwambiri, ndipo amaisunga mpaka wotsutsana naye atatopa. Akuti inchi imene amisiri amainyadirayo nayo imayezedwa ndi mita. Mu 1959 mayiko a Britain, America, Canada, Australia, New Zealand ndi South Africa anagwirizana kuti yadi ndi mamita 0.9144 ndendende, kutanthauza kuti futi ndi mamilimita 304.8 ndipo inchi ndi mamilimita 25.4. Akanena zimenezi amadya nkhomo za mnzake ngati wapambana mlandu kukhoti. Mnzakeyo, msodzi wopuma, amangoyankha kuti iye kuya kwa nyanja amayeza ndi mikwamba, manja ake awiri atatambasula, ndipo usipa sunadandaulepo.

Ndi mphunzitsi yemweyu amene anabweretsa nkhani ya ku Mars, pofuna kutonthoza mlamu uja. Mu September 1999 Amereka anataya chombo chawo cha m'mlengalenga, Mars Climate Orbiter, chifukwa pulogalamu ya kampani ya Lockheed Martin inkapereka mphamvu ya mainjini m'miyeso ya mapaundi pomwe akatswiri a NASA ankawerenga manambala omwewo ngati a miyeso ya metiriki. Chombo chinayandikira kwambiri dziko la Mars n'kuzimirira. Ndipo mu July 1983 ndege ya Air Canada, Boeing 767, inatha mafuta ili m'mwamba pa ulendo wochoka ku Montreal kupita ku Edmonton, chifukwa owerengera mafuta anasokoneza mapaundi ndi makilogalamu, ndege n'kunyamuka ndi mafuta osakwana theka la ofunika. Oyendetsa anaitsitsa mainjini atazima pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli, ndipo palibe anamwalira. Mlamu uja akuti anamvetsera zonse mwaulemu, kenako n'kuti: "Yewo, ada. Koma a NASA-wo alibe mlamu woimba foni usiku uliwonse kufunsa kuti simenti yatha bwanji."

Kuti muone bwino momwe tikukhalira ndi miyeso iwiri m'nyumba imodzi, imani pa hadiweya iliyonse theka la ola. Munthu amalowa n'kuitanitsa malata a 10 fiti, matabwa a thu bayi filii, misomali ya folo inchi makilogalamu awiri, simenti matumba asanu a makilogalamu 50, zitsulo za Y12, ndi penti wa malita 20. Wogulitsa saphethira n'komwe. Msomali dzina lake ndi la mainchesi koma umagulidwa pa sikelo ya makilogalamu. Chitsulo cha Y12 ndi mamilimita 12 kunenepa kwake. Paipi ya kuchimbudzi yalembedwa 110 pathupi pake, koma mukaitchula choncho mnyamata wa m'sitolo amayang'ana abwana ake. Nenani folo inchi, akubweretserani. Pulayiwudi ya eyiti bayi folo ndi yomweyo yomwe m'mabuku amalemba 2440 x 1220. Ngakhale tayala la minibasi yomwe yanyamula katunduyo lili ndi miyeso iwiri pa nambala imodzi: 195 ndi mamilimita a m'lifupi mwake, R15 ndi mainchesi a limu.

Wogulitsa wina amati iye amadziwa munthu amene wabwera ndi pulani ya pakompyuta asanayankhule, chifukwa amalowa ndi pepala n'kufunsa malata a mamita atatu. Amamupatsa a 10 fiti, omwe ndi mamita 3.048, onse n'kusangalala. Chizolowezi chowerenga mamita atatu ngati mafiti khumi chafala kwambiri, ndipo pa lata limodzi kusiyana kwake ndi masentimita osakwana asanu. Koma pitirizani nacho pa khoma lonse. Mamita 15 mukawatcha mafiti 50 mwawonjezera masentimita 24, pafupifupi njerwa yathunthu. Wina akayeza khoma lakumaso ndi mbali ya mamita ya tepi, mnzake n'kuyeza lakuseri ndi mbali ya mafiti, pakuti tepi yomweyo ili ndi zonse ziwiri, nyumba imatuluka yopendekera, ndipo amene amadzalira ndi kalipentala wa denga.

Amisiri akale ali ndi yankho lawo, ndipo pamenepa ine ndili kumbali yawo. Akuti nyumba ya kumudzi sijambulidwa ndi kompyuta, imajambulidwa ndi malata. Umayamba wafunsa kuti mwini nyumba angakwanitse malata angati, a mafiti angati, kenako n'kubwerera m'mbuyo: denga lipendekeke bwanji, litulukire kunja motani kuti mvula ya ku Nkhata Bay, yomwe sichita masewera, isamenye khoma, ndiye zipinda zikule motani. Wojambula amene waika chipinda chofuna lata la mafiti 10 ndi theka wakugulitsa lata la 12 fiti kuti udule n'kutaya. Njerwa nazo zili ndi zawo. Pakompyuta njerwa zonse n'zofanana, koma pamudzi njerwa imatengera chikombole, chikombole chimatengera kalipentala amene anachikhoma, ndipo dothi limafota likamauma ndi kuotchedwa. Mmisiri amatenga njerwa zinayi pa uvuni, kuzindandalika pansi, kuyeza, n'kudziwa za khoma lonse.

Ndinaima tsiku lina kuonerera mmisiri wina akukhazika ngodya ya maziko. Anakhoma chikhomo, anakoka chingwe mbali imodzi n'kuikapo chizindikiro pa 3, mbali inayo pa 4, kenako anasuntha chingwe pang'onopang'ono mpaka tepi yopingasa pakati pa zizindikiro ziwirizo inawerenga 5. Mnyamata wake wophunzira ntchito, wa satifiketi ya TEVETA, anafunsa ngati ayeze m'mafiti kapena m'mamita. Mkuluyo sanadzutse mutu. "Chilichonse, bola usasinthe pakati." Ndipo n'zoona, 3, 4 ndi 5 amapereka ngodya yowongoka kaya mukuyeza ndi mafiti, mamita kapena ndodo ya nsungwi, malinga ndodoyo ikhale imodzi. Ana asukulu amaloweza zimenezi ndi dzina la Pythagoras. Mkuluyo dzinalo analibe nalo ntchito, koma ngodya yake inali ya sikweya.

Ku Mpamba, pamsewu wopita ku Mzuzu, nkhani yawo ndi ya pepala. Munthu wina analandira pulani yojambulidwa kuti isindikizidwe pa pepala lalikulu la A3, pa sikelo ya 1:100, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi. Kosindikizira kunali mapepala a A4 okha, ndiye mtsikana wa pamakina anangouza kompyuta kuti ichepetse zonse zikwane. Kuchoka pa A3 kupita pa A4 chilichonse chimafupika n'kutsala pafupifupi magawo 71 pa 100. Manambala ena anachepa mpaka osawerengeka, ndiye mmisiri anatenga lula ya mwana wasukulu n'kumayeza papepala pomwepo. Akuti chimbudzi chinatuluka choti munthu alowe chammbali. Ena akuti si chimbudzi, ndi kolido. Mwini nyumba sakuyankha mafunso.

Komweko kulinso mkangano wa puloti yomwe inagulitsidwa ngati sate bayi fifitini. Wogula, wa ku tauni, anamva mamita. Wogulitsa akuti iye ananena mapazi, ndipo anayenda yekha pamaso pa mboni. Tsoka lake wogulayo n'lakuti wogulitsa ndi munthu wamfupi. Akuluakulu akuti mwina ayendenso munthu wamsinkhu wapakati, mbali zonse zivomereze, koma pa za amene ali wamsinkhu wapakatiyo sanamvanebe. Minda nayo anthu amaitchula m'maekala pomwe mapepala a boma amalemba mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Amene samadziwa zimenezi amasainira munda womwe sanauone kukula kwake.

Amayi akuti abambo akungochita phokoso pa zinthu zomwe iwo anazizolowera kalekale. Telala amayeza chiuno m'mainchesi, nsalu ina imabwera m'mayadi, ina m'mamita, ufa ndi chimanga zimayezedwa pa ndowa, usipa pa mbale kapena pa mulu. Mmodzi anandiuza kuti, "Ada, ife tikamagula timayamba taiona ndowayo, ngati yaphwanyidwa kunsi kapena ayi. Inu mumakhulupirira nambala ya pafoni." Ndinalibe choyankha.

Kumene zinthu zotere zimapweteka kwenikweni ndi ku Usisya. Ku Chintheche ukalakwitsa katundu umakwera galimoto n'kukasintha. Ku Usisya msewu wotsika phiri uja madalaivala amauganizira kawiri, makamaka nthawi ya mvula, ndipo katundu wambiri amadzera panyanja, pa maboti kapena pa Ilala ikakhala kuti ikuyenda. Sitimayo nayo ndi ya m'badwo wa mafiti: inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, ndipo zidutswazo zinalumikizana bwinobwino popanda kompyuta. Ku Usisya imaima patali, anthu ndi katundu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono, malata atasenzedwa pamutu madzi ali m'chiuno.

Ndiye akuti kalipentala wina kumeneko anayeza denga, kuchoka pamsonga kufika pomwe madzi azigwera, n'kupeza mamita 3.2. Anaimbira mphwake wa mwini nyumba ku Mzuzu kuti agule malata a mamita atatu ndi kanthu. Netiweki inadula pa "kanthu". Mphwakeyo anafika pa hadiweya, anati mamita atatu, anapatsidwa a 10 fiti, n'kuwatsitsira ku Nkhata Bay, n'kuwakweza m'boti. Atafika, atasenzedwa, atakwezedwa padenga, lililonse linaperewera masentimita 15. Oyenera anali a 12 fiti.

Kuwabweza ndiye kulipiranso boti, galimoto, ndi kukapepesa kwa wogulitsa amene sangalandire malata oti alawa kale madzi a m'nyanja. Kalipentala akuti angathe kudula mapaso n'kufupikitsa denga, koma khoma lizinyowa. Mwini nyumba akuti alipire ndi mphwake. Mphwake akuti alipire ndi kalipentala, poti munthu wamkulu sanena "kanthu" pa nkhani ya malata. Kalipentala akuti alipire ndi a kampani ya mafoni. Pakadali pano malatawo awatsamiritsa pa mtengo wa mango, ndipo mnansi wina, amene nyumba yake ndi yocheperapo, wayamba kale kudutsa pamenepo m'mawa uliwonse kufunsa ngati angamugulitse pamtengo wachibale.